Mkamwini wa Matabwa

Ku shedi (dzina la malo sindilemba)
Lachitatu, 18 Seputembala 2024

Okondedwa achemwali anga a Orysia,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Lublin, kutsidya kwa malire, inu pamodzi ndi alamu anga a Tadeusz. Musadabwe kuti Myron wanu, munthu amene amatha sabata osayankha uthenga wa pafoni, lero wakhala pansi n'kugwira cholembera. Zimene ndikufuna kukuuzani sizonena pafoni, chifukwa mafoni athu masiku ano ali ndi makutu ambiri. Kalatayi ndapatsira a Yarema, oyendetsa basi ya ku Lublin aja, ndipo andilonjeza kuti aipereka m'manja mwanu mawa madzulo. Mukatha kuwerenga muiwotche. Madzi andifika m'khosi, achemwali, ndipo kupatula inu ndilibenso mtengo wina wogwira.

Kumzinda onse ali bwino. Mlamu wanu Ulyana akugwirabe ntchito kuchipatala, wangowonda pang'ono. Mwana wathu Solomiya wayamba kalasi yachitatu, ndipo amaphunzirira m'chipinda cha pansi pa sukulu chifukwa sayirini yochenjeza za mizinga imalira kawiri katatu pa tsiku. Mano ake awiri akutsogolo aguluka, ndiye akamaseka amaphimba pakamwa. Juzi munatumiza ija yamukulira, koma akukana kuivula ngakhale kunja kukutentha. Nkhani imene ndalembera ndi ya amayi, koma ndiyambe ndakuululirani bodza langa.

Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikukuuzani, inu ndi amayi, kuti ndimakonza mawindo a nyumba zophulitsidwa. Si zoona. Nyumba ya zisudzo itatsekedwa chifukwa cha nkhondo, ife amene tinkakhoma nyumba zachifumu za makatoni ndi nkhalango za nsalu tinatengedwa kuti tizikhoma zinthu zina. Mukuzidziwa zida zikuluzikulu zija tinalandira kuchokera kunja, zimene zimaona mzinga wa adani ukadali kutali n'kuugwetsa usanafike pamzinda. Zidazo ndi zochepa kwambiri, mungaziwerenge ndi zala, ndipo adani sagona nazo tulo, amazisakasaka kuti aziphwanye. Ndiye ife timapanga zabodza. Chigalimoto chonse, matayala ake, mabokosi anayi ataliatali oloza kumwamba, zonsezo za matabwa, mapaipi a pulasitiki ndi penti. M'kati timaikamo kambaula ka dizilo kuti kandege kozonda, kopanda munthu kaja, kakamadutsa kaziona ngati injini ndi yotentha. Ndi nyambo basi. Mzinga umene wagwera pa matabwa anga sunagwere pa chida chenicheni, ndipo chida chenichenicho ndi chimene chikulondera mzinda.

Kuno ntchito yabwino ndi imene yapsa. Nyambo ikaphulitsidwa, asilikali amatibweretsera chidutswa chopserera, ife timachikhomera pakhoma la shedi, kulembapo tsiku, kenako timagula keke n'kudya titaimirira. Pakhomapo pali zidutswa khumi ndi chimodzi, ndipo zisanu ndi chimodzi ndi zanga. Tili ana inu munkanena kuti chilichonse chimene ndagwira chimathera pamoto, ndiye onani, ndinapeza ntchito yondiyenera.

Nyambo yomaliza ndinaipanga mu Ogasiti, ndipo mosadzitama, sindinapangepo chinthu chokongola chotero. Ngakhale dzimbiri la pa mabawuti ndinalipenta ndi kabulashi kakang'ono. Asilikali anainyamula zidutswazidutswa, ndipo monga mwa lamulo sanatiuze kumene akupita nayo. Patatha masabata awiri amayi anandiimbira foni ali ndi chimwemwe cha mwana. Anati kwathu ku Sokyrne kwabwera mkamwini wochokera kunja, wamtali, wathanzi, ndipo wamanga msasa kumunda wa mpendadzuwa kuseri kwa khola lakale la ng'ombe za boma. Ndinazindikira kuti akunena nyambo yanga ija, ndinakhala pa chitini cha penti.

Dzina la mkamwinilo anapereka ndi a Melaniya, aneba athu a pakamwa posatseka aja. Akuti chifukwa wachokera kunja, sayankhula ndi munthu, ndipo tsiku lonse amangoyang'ana kumwamba osagwira ntchito. Izi musawawerengere alamu. Mukukumbukira kuti amayi anali atavomera kubwera kwa inu nyengo yozizira isanafike, kenako anasintha maganizo osanena chifukwa? Chifukwa chake ndi chimenechi.

Kuchokera panyumba yomaliza ya m'mudzi kukafika pamundapo pali makilomita awiri, choncho munthu wokhala pakhomo pake angangosweredwa mawindo. Vuto ndi loti amayi sakhala pakhomo pawo. Amene anandiuza ndi a Tymish, msilikali wa imvi amene amasamalira nyamboyo, kale ankayendetsa thalakitala. Iwo amapita m'mawa, kuthira dizilo m'kambaula, kuzunguza galimoto yawo kuti pakhale mapazi a matayala, kumwaza zotsalira za ndudu, n'kuthawapo isanakwane teni. Tsiku lina anapeza poto wa msuzi wa borshch wokutidwa ndi thawulo ali pa makwerero. Mawa lake anapeza mayunifomu akale, amene amangowasiya dala pamalopo, atachapidwa n'kuyanikidwa pa chingwe chomangidwa kuyambira pagalimoto mpaka pamtengo. Atabisala kuti aone, anaona gogo wamfupi wotsimphina akubwera ndi dengu masana, kukhala pa makwerero n'kuyamba kusenda mbatatesi.

A Tymish anawathamangitsa, amayi anati akumwetera mbuzi udzu. Apolisi awabweza kunyumba kawiri, kachiwiriko anatsika m'galimoto atawapatsa apolisiwo maapozi. Mukuwadziwa amayi athu kuuma mutu kwake, inu ndi amene munatengera.

Tsopano imvani chimene chikundiopsa. Masabata awiri oyambirira kandege kozonda sikanabwere, nyambo yanga inangoima ngati chipilala cha kumanda. Amayi atayamba kuyanika zovala, kabwera katatu: Lachisanu, Lolemba ndi dzulo. Ife tonse kuno tikudziwa kuti kakabwera katatu, mzinga suli kutali. Ndipo umene amatumizira zida zoterezi ndi wothamanga uja, umene umafika m'mphindi zinayi, nthawi zina sayirini imalira utagwa kale. Amayi ndi mawondo awo aja amayenda mtundawo mphindi makumi anayi.

Lolemba ndinapita kwa bwana wathu, a Kaputeni Levko, ndipo sindikuchita manyazi kunena kuti ndinalira pamaso pawo. Ndinawapempha kuti asamutse nyamboyo. Si munthu woipa, ananditsanulira tiyi ndi manja awo. Anandifotokozera kuti adani ali ndi mzinga umodzi woikidwa kale padera, ndipo akapanda kuuponya pamunda uja aufunira pena. Anati idzasamutsidwa pakatha masiku khumi, osati nsomba itayamba kale kunyambita.

"Chotsa amayi ako, Myron, osati nyambo," anatero. "Tenga galimoto ya shedi, ndilemba kuti wapita kukapenta."

Ndiye dzulo ndinapita. Ndinawapeza kukhitchini ali ndi a Melaniya, akuthira nkhaka m'mabotolo. Asanandifunse n'komwe za ulendo anayamba kundinyoza pamaso pa aneba, monga amachitira kuyambira pamene asilikali anandikana chifukwa cha mwendo wangawu. Anati ana a anzawo akubweretsa zida zolondera dziko, wawo akungomata magalasi. A Melaniya anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinangomeza malovu, poti mako ndi mako angachepe mwendo. Itakwana leveni amayi anatenga dengu, anavala chijekete chausilikali cha malemu bambo chija ndi chipewa chake, anati akupita kukamweta udzu. Ndinawalondola.

Achemwali, nditachiona chili pakati pa mpendadzuwa wouma, ngakhale ine mwini wake mtima unagunda. Chinaima mwaulemu, mabokosi ataloza kum'mawa. Amayi anatula dengu, anatulutsa malaya onyowa n'kuyamba kuyanika.

"Amayi, ndikuphwanya lumbiro," ndinatero. "Chinthu ichi sichingagwetse ngakhale khwangwala. Ndi matabwa okhaokha. Ndinapanga ndine."

Sanatembenuke n'komwe. Anali ndi mapegi kukamwa, ndipo anawachotsa limodzilimodzi mpaka kumaliza malayawo.

"Iwe Myron, ukundiyesa chitsiru eti? Zaka makumi anayi ndagona ndi mmisiri wa matabwa, fungo la paini ndi guluu lili m'bulangete mwanga. Tsiku loyamba lomwelo ndinangogogoda ndi chala, ndinamva."

Anandigwira dzanja ngati mwana wopita naye kutchalitchi, n'kuyendetsa chikhatho changa m'mphepete mwa makwerero.

"Ndani angasalaze ndi sandipepa makwerero a chinthu choti chikapse? Bambo ako okha ndi amene ankasalaza ngakhale m'kati mwa bokosi la maliro, ati wakufayo thabwa lingamubaye. Ndinangokhudza apa, ndinadziwa kuti mwana wa Havrylo wanga wadutsapo."

Ndi zoona, achemwali. Palibe amene anandiuza kuti ndisalaze, ndipo kuchokera kumwamba siziwoneka. Manja anangochita okha monga bambo anawaphunzitsira. Anzanga a m'shedi amandiseka nazo, amati ndimakwatitsa nyambo. Ndikanasiya thabwalo lokhakhala, mwina amayi akanangoona kuti ndi zabodza, n'kuseka, n'kukwera basi kubwera kwa inu.

Ndinawafunsa kuti nanga ngati akudziwa, amadzatani kuno tsiku ndi tsiku. Anandiyankha modekha ngati akundiuza mtengo wa mazira. Anati msasa wopanda anthu ngakhale mbuzi yawo ingauzindikire, ndipo ndudu za a Tymish sizingapusitse munthu. Pamene pali asilikali pamakhala zochapa, utsi ndi makoko a mbatatesi. Anati ntchito ya mwana wawo inali yabwino koma yakufa, ndiye iwo anangoiuzira mpweya. Kumudzi sanauze munthu. Amandinyoza pamaso pa a Melaniya dala kuti asandiganizire, ndipo amayi ena amene ankafuna kubweretsa chakudya anawaopseza kuti asilikali amawombera aliyense woyandikira.

"Sindikufunsa kumene kuli chenicheni," anatero. "Koma chikulondera Solomiya, si choncho? Ndiye asiye adzamenye kuno."

Ndinawauza kuti adzafa. Ndinanena mawu amenewo ndithu, mokweza, kwa mayi wanga.

"Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi. Mwana uja mano ake enieni sanamere n'komwe."

Tili pomwepo tinamva kulira kwake, kochepa, ngati udzudzu uli kuseri kwa khutu. Kandege sikamaoneka, kamangomveka. Ine ndinawakoka kuti tilowe mu mpendadzuwa. Iwo anandikankha, anakokera chipewa cha bambo kumaso, anawongola msana, n'kuyamba kuyenda kuzungulira galimoto ngati msilikali. Kutsimphina konse anakubisa, ndikulumbira. Anakutumula malaya ena n'kuyanika, anakwera makwerero awiri, anatsika, anakodola ngati akuitana munthu amene ali m'kati. Ndagwira ntchito ndi akatswiri a zisudzo zaka khumi ndi zisanu ndipo sindinaonepo wina woposa pamenepo. Kandege katapita anakhala pansi, nkhope ili mbuu, akusisita mawondo.

Apa ndiye pali chimene sindinauze munthu, ngakhale Ulyana. Padenga la nyamboyo pali thabwa limodzi lalikulu logwidwa ndi misomali isanu ndi itatu. Kulizula limenelo, kandege kakabweranso kangaone nthiti za matabwa ndi kambaula, ndipo palibe angataye mzinga pamenepo. Amayi angayanike zovala mpaka Khirisimasi osakhudzidwa. Ndinatenga hamala m'galimoto, ndinakwera, ndinazula msomali woyamba. Amayi ankangondiyang'ana. Ndili pamwambapo ndinaganiza kuti akaona kuti ichi n'chabodza atembenuza maso, ayamba kusaka chenicheni, ndipo akachipeza mzinda utsala pambalambanda, chipatala cha Ulyana ndi chipinda cha pansi pa sukulu chija. Ndinakhala ndi hamala m'manja sindikudziwa nthawi yaitali bwanji. Kenako msomali uja ndinaukhomeranso.

Palibe amene anandikakamiza, achemwali. Ndinasankha mwana wanga, ndinatsika, ndipo amayi anandipatsa mbatatesi yophika ndi mchere ngati palibe chachitika. Ngati mudzadane nane chifukwa cha zimenezi, sindidzakutsutsani.

Ndinayesa kuwanyamula mokakamiza. Anakhala pansi pafumbi n'kugwira tayala, ine ndi mwendo wangawu ndinagwa nawo limodzi, ndipo anandikwapula ndi malaya onyowa monga ankachitira ndikaba zonona. Ndinawagwadira. Ndinawalonjeza chipinda chathu chachikulu. Ndinatchula dzina la bambo, ndinatchula Mulungu. Anangondiuza kuti ndipukute mamina, ndine bambo wa munthu.

Ndiye ndagwira njakata, ndipo pempho langa ndi ili. Muwaimbire foni muwanamize. Muwauze kuti mwadwala, madokotala apeza chotupa, akuchitani opaleshoni sabata yamawa ndipo mukuopa kulowa nokha. Mulire ndithu, musachite zamwambo. A Tadeusz ayankhulenso ndi chilankhulo chathu chothyokathyoka chija, poti amayi amawakhulupirira. Ndikudziwa kuti ndi tchimo kudzilodza ndi matenda, koma tchimolo mundisenzetse ine. Ine sangandimvere, sanandimverepo. Koma inu mutadwala chibayo muli ku koleji anayenda makilomita khumi ndi awiri m'chipale chofewa kukakwera sitima, ndipo sanafunse munthu. Mwana wodwala yekha ndi amene angawachotse kwa mdzukulu.

Pafoni musatchule munda, matabwa kapena ntchito yanga. Akakufunsani kuti nanga mkamwini azimuchapira ndani, mungowauza kuti Myron wapeza munthu. Akangovomera mundilembere mawu amodzi okha, "akubwera". A Tymish avomera kukawatenga pakhomo mpaka kusiteshoni, mbuzi isiyidwa kwa a Melaniya, ndipo a Yarema awasungira mpando wakutsogolo pa basi ya Lamlungu. Akafika kumeneko n'kupeza muli bwinobwino adzakutukwanani sabata yathunthu, mwina mwezi. Muwasiye atukwane, mudziwaphikira tiyi.

M'kathumba kamene kali ndi kalatayi muli botolo la jamu wa macheri a mtengo wa kuseri kwa khola. Amayi anati ndikupatsireni, ndipo anati ndikuuzeni kuti ali bwino, mawondo okha, musamawononge nthawi kuwadera nkhawa. Anandipatsanso chinthu china, koma chimenecho sindinatumize. Mukulikumbukira phukusi lawo la pamwamba pa wadilopu, limene ankatiletsa kukhudza, muli diresi lakuda, mpango, makandulo ndi thawulo lopeta la agogo, zoti adzaikidwe nazo? Ndikukwera galimoto analitulutsa n'kuliika pampando. Anati ndikalisunge kumzinda, kumudzi kuno lingapse kapena kunyowa mawindo akasweka. Ananena zimenezi akundikonzera kolala ya malaya.

Phukusilo lili pansi pa benchi langa muno m'shedi, pafupi ndi khoma la zidutswa zija. Sindinalimasule ndipo sindikufuna kulimasula chaka chino. Anzanga ayamba kale kukangana za keke imene tidzagule, poti onse amva kuti kandege kabwera katatu. Sakudziwa kanthu, ndipo ndikamadutsa amandimenya paphewa.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndikuwapepesa powalowetsa m'bodza. Ulyana akupereka moni. Solomiya akuti muwauze agogo kuti dzino limodzi wawasungira m'kabokosi ka machesi, akufuna adzawaonetse yekha. Mawu amenewo muwanene ndithu pafoni, mwina angathandize. Inu mudzisamalire, achemwali, mudye, muvale zofunda, ndipo mundikhululukire pa zonse zimene ndinakubisirani.

A Yarema akachedwa pamalire n'kufika Lachisanu, musadikire kuti mumalize ntchito. Imbani isanakwane leveni m'mawa. Ikakwana leveni amayi amatenga dengu, ndipo foni amaisiya pa tebulo.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,
Myron

Ndinaiwala kanthu kamodzi. Za munthu woyanika zovala musade nkhawa, si bodza. Ndapempha tchuthi cha masiku khumi, ndipo ine ndili ndi galimoto, ndizikhalapo mphindi zochepa chabe. Chijekete cha bambo ndinachiyesa dzulo amayi ali kukhola, chikundikwana ndithu. Ulyana musamuuze.